Kodi mumadziwa kuti kakwiyo ankalowa m'kalasi?

Mumzinda wa Cincinnati ku America, mayi wina dzina lake Cathryn Hilker anayambitsa ntchito yachilendo mu 1980. Ankatenga nyama zamoyo kumalo osungira nyama a Cincinnati Zoo n'kupita nazo kusukulu kuti ana azione ndi maso awo. Nyama imene inatchuka kwambiri pa maulendowa inali kakwiyo wamkazi wotchedwa Angel.

Nanga chilombo choterechi chingakhale bwanji phee pakati pa ana aphokoso? Kakwiyo ndi wamantha mwachibadwa, sali ngati mkango kapena nyalugwe. Choncho osamalira nyama amamulera limodzi ndi kamwana ka galu kuyambira ali wamng'ono. Awiriwa amasewera ndi kugona pamodzi, ndipo kakwiyo akaona kuti galu mnzakeyo sakutekeseka ndi khamu la anthu, nayenso mtima umakhala pansi. Zoseketsa ndithu, mlenje wa m'tchire kulimba mtima chifukwa cha galu wapakhomo!

Kakwiyo winanso wa pulogalamu yomweyi, Sarah, anathamanga mamita 100 m'masekondi 5.95 mu 2012, ali ndi zaka 11. Katswiri wothamanga Usain Bolt anathamanga mtunda womwewo m'masekondi 9.58.

Kuno kwathu akakwiyo anali atatheratu, koma mu 2017 anabweretsedwanso ku Liwonde kuchokera ku South Africa. Aphunzitsi, a ku Liwondewo sabwera m'kalasi ayi, tengani anawo mupite nawo akadzionere okha.