Nkandankhuku: chipatso tidye, chitsamba tizule



Inu amene mumabwera ndi usipa ndi matemba kuno ku Chitakale, kapena munakwerapo phiri la Zomba, mwina munalawapo timabulosi tachikasu ta m'phiri. Ena akalawa amafuna kutenga mbewu kuti akabzale kwawo ngati mpanda. Musanatero, chidziweni kaye chitsambachi.

Ambiri timachitchula nkandankhuku, ndipo akatswiri amati Rubus ellipticus. Kwawo ndi ku Asia, kumapiri a Himalaya, ku India, Nepal ndi China. Kuno chinachita kubwera, koma pano chadzaza malo ambiri m'phiri la Mulanje. Bungwe loona zachilengedwe la IUCN linachiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zolanda malo koopsa pa dziko lonse.

Kuchizindikira sikovuta. Nthambi zake ndi zazitali, zowerama, zokutidwa ndi ubweya wofiirira, ndipo pakati pa ubweyawo pali minga yokhota. Tsamba limakhala ndi timasamba 3, lapakati lokulirapo, kunsi kwake kotuwa. Maluwa ndi oyera. Chipatso chikapsa chimakhala chachikasu, ndipo mukachikoka pang'ono chimachoka chokha, n'kukhala ndi kabowo m'kati ngati kachipewa.

Pamene pafunika kusamala ndi apa: ana asachisokoneze ndi lantana. Lantana nthambi zake ndi zangodya 4, masamba ake amanunkha mukawafikisa, maluwa ake ndi amitundumitundu, ndipo zipatso zake zimayamba zobiriwira n'kudzada. Zosapsazo ndi poizoni kwa mwana, masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Mwana aphunzire lamulo limodzi basi: chipatso chimene sakuchidziwa asachiike m'kamwa.

Pokathyola pitani m'mawa mame akauma. Valani malaya a manja aatali ndi nsapato, ndipo yambani mwagwedeza chitsambacho ndi ndodo chifukwa njoka zimakonda malo owirira. Thyolani zokhazo zimene zikuchoka mosavuta. Ikani m'mbale yosazama, popeza zikasanjikizana zapansi zimaphwanyika. Zipatsozi sizichedwa kuonongeka, ndiye thyolani zokwana tsiku limenelo. Kuthyola zambiri n'kudzataya mawa ndi israf, ndipo tonse tikudziwa kuti Allah sakonda kuononga.

Kudya kwake, tsukani ndi madzi abwino, ana adye choncho kapena muwaikire m'phala. Mukafuna kusunga pangani jamu: makapu 4 a zipatso, makapu 3 a shuga, ndi madzi a ndimu imodzi. Wiritsani mukutakasa mpaka dontho lake likagwera pa mbale yozizira lisamayenderere. Thirani akadali wotentha m'mabotolo amene mwawawiritsa kale, n'kutseka zolimba. Juwisi wake imwani tsiku lomwelo. Chipatsochi ndi halal, koma madzi ake akasiyidwa mpaka kusasa n'kuyamba kuledzeretsa asanduka haram, ngakhale munthu atawatchula dzina lokoma bwanji.

Nanga chitsamba chopatsa zokoma chotere tichizulirenji? Chifukwa sichikhala pamene wachiika. Mbalame zimadya zipatso n'kukamwaza njere kutali, mizu nayo imatulutsa mphukira pansi ponse. Pakapita zaka zochepa pamakhala chiyangoyango cha minga chimene munthu kapena mbuzi sangadutse, ndipo timitengo tating'ono timafa pansi pake posowa dzuwa. M'phiri muno muli mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene watsala pang'ono kutheratu. A zankhalango ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akubzala mbande zake, ndipo nkandankhuku ndi m'modzi mwa adani a mbandezo. Inu a kunyanja musaione ngati nkhani ya kutali. Mtsinje wa Phalombe umachokera m'phiri lomweli kukathira m'nyanja ya Chilwa, Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo. Phiri likasowa mitengo, mitsinje imatsika ndi matope dzinja, chilimwe n'kuphwa.

Kutchetcha kokha sikuthandiza, chimaphukanso. Moto ndiye woipitsitsa: chitsa chimatsala chamoyo, pamene mitengo ina yapsa. Njira yake ndi iyi. Dulani nthambi ndi chikwanje, kenako kumbani chitsa ndi khasu nthaka ikadali yofewa, muchotse ndi mizu yomwe. Unjikani mizu itayang'ana kumwamba kuti iume. Pakatha miyezi 2 kapena 3 bwereraninso mudzazule zomera kumene, ndipo muzitero mpaka zitaleka. Pamalo otsetsereka musasiye nthaka yambee, bzalanipo vetiva, nthochi kapena mitengo. Ngati chili m'nkhalango ya boma, yambani mwalankhula ndi a zankhalango.

Kwa ofuna mpanda wa zipatso, bzalani mabulosi a pakhomo aja. Nthambi yake imagwira msanga, alibe minga, ndipo masamba ake mbuzi zimadya. Nthakayi ndi amana imene tidzasiyire ana athu. Tikaphonya lero, iwowo ndi amene adzalimbane ndi minga.

Allah atidalitsire minda ndi maukonde athu. Wassalam.