Kodi shabini n'chiyani, nanga mlimi ikumukhudza bwanji?

Mukadutsa ku Zingwangwa, Chilobwe kapena ku Manje m'tsinde mwa phiri la Soche Loweruka masana, simulephera kumva wina akuti, "Tiyeni ku shabini." Ambiri amaganiza kuti shabini, thaveni ndi bala n'chimodzimodzi, koma ayi ndithu.

Ku bala amagulitsa mowa wa m'mabotolo monga wa Carlsberg, kampani imene idatsegula fakitale yake mu Blantyre m'chaka cha 1968. Ku thaveni n'kumene anthu amakamwa Chibuku chochokera ku fakitale. Koma shabini ndi pakhomo pa munthu, ndipo kawirikawiri mowa wake, masese kapena kachasu, amafulula kapena kutcheza ndi mayi wa pakhomopo. Pambali pamakhala kanyenya kapena mang'ina kuti akumwa asamwere njala.

Liwuli si lathu. Lidachokera ku Ireland, komwe linkatanthauza nyumba yogulitsiramo mowa popanda chilolezo. Lidafala kwambiri ku South Africa, kumene boma la azungu linkaletsa anthu akuda kugulitsa mowa wawo. Ku Natal, lamulo la 1908 lidapatsa makhonsolo okha mphamvu yogulitsa mowa wamasese m'matauni, choncho amayi ankafulula mobisa. N'chifukwa chake mpaka lero liwuli limanunkhabe kuzemba lamulo, ndipo mwini malo amene ali ndi laisensi sakondwa mukawatcha shabini.

Tsono alimi anzanga, nkhani ili apa. Bala sagula kanthu kwa inu, koma wofulula masese sangayatse moto popanda chimanga, mawere kapena mapira. Mlimi wa ku Chiradzulu kapena ku Thyolo amene amanyika mbewu zake, kuzimeretsa ndi kuziyanika bwino, amapeza msika wa chimera ku Limbe chaka chonse, popeza chimera chimafunikanso pa thobwa. Chimera chonyowa kapena chochita nkhungu chimaononga mowa, ndipo wogula sabweranso.

Komabe samalani. Mukakolola, yambani mwapatula chakudya chokwanira banja kufikira zokolola zina, kenaka chotsalacho ndiye mumeretse. Chimanga chimene chalowa mumbiya mu Juni simudzachionanso mu Febuluwale ana akamalira njala. Ndipo amene mukufuna kugulitsa mowa pakhomo, pitani kaye ku khonsolo mukafunse za chilolezo, kuti mpamba wanu usathere kulipira chindapusa.