Mabuku Onena za Anthu a ku Migodi, Amene Eni Ace Sanawawerenge

Aliyense wa ku Cigawo ca Kum'mawa amene ali ndi mbale ku Ndola adziwa dzina la Masala. Ndi komboni yakale ya msika waukulu, kumene Ansenga, Angoni, Acewa ndi Atumbuka akhala pamodzi ndi Alamba, eni dziko, ndiponso Abemba, kuyambira masiku a Atsamunda. Makalata osawerengeka ocokera ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi analowera kumeneko, ndipo ndalama za msonkho, za malowolo ndi za sukulu zinaturukira komweko kubwera kumidzi.

Cimene anthu ambiri sadziwa ndi cakuti moyo wa m'makomboni a ku Migodi unalembedwa m'mabuku akulu-akulu, amene kufikira lero aphunzitsidwa m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America. Pano sitiri kunena za mabuku a nthano kapena a nkhani zopeka ai. Tiri kunena za mabuku a nzeru zofufuza: a mbiri, a malamulo, a ulimi, a matenda ndi a cikhalidwe ca anthu. Mnyamata wophunzira ku Manchester angathe kukuuzani mmene makolo athu anali kubvinira ku Luanshya pa Sondo masana, ndi mmene milandu ya ukwati inali kuweruzidwira m'mabwalo a ku Ndola. Koma mdzukulu wa anthu omwewo, wogulitsa tomato pa msika wa Masala, mwina sanaonepo ngakhale cikuto ca buku lotere.

ANABWERA NDI ZOLEMBERA

M'caka ca 1937 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za cikhalidwe ca anthu lochedwa Rhodes-Livingstone Institute, limene linayambira ku Livingstone ndipo pambuyo pace linasamukira ku Lusaka. Masiku amenewo Azungu a Boma ndi a migodi anali ndi nkhawa yaikulu. M'caka ca 1935 anchito a m'migodi ananyanyala nchito cifukwa ca msonkho, ndipo anthu 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya. M'caka ca 1940 ananyanyalanso, ndipo anthu 17 anafa ku Nkana. Funso linali lakuti: kodi munthu wocoka kumudzi akafika m'tauni asanduka ciani? Amvera yani, mfumu yace kapena mnzace wa pa nchito?

Mmodzi wa ofufuzawo, J. Clyde Mitchell, anaturutsa kabuku kochedwa The Kalela Dance m'caka ca 1956. Gulu la kalela limene iye anapenyerera ku Luanshya linali la Abisa. Anyamatawo, amene mkati mwa mlungu anali kugwira nchito zamanja za malipiro ocepa, pa Sondo anali kuchena ndi zobvala zositidwa bwino, ndipo m'gulu mwao munali wina wobvala ngati dokotala ndi wina ngati nesi wa m'cipatala. Nyimbo zao zinali zonyoza ndi kuseka mitundu ina. Mitchell anaonetsa kuti m'tauni mtundu uli ndi nchito ina yosiyana ndi ya kumudzi: uthandiza munthu kudziwa wocita naye nthabwala, womuopa, ndi wodzamuika m'manda akafera kutali ndi kwao. Anafotokozanso za cimbuya ca Angoni ndi Abemba, amene kale anathirana nkhondo. Ife cimbuya ticidziwa bwino, popeza tiona Abemba akupaka anzao ufa pa maliro a Mngoni popanda wokwiya. Koma ndi angati mwa ife adziwa kuti mwambo umenewu uli m'buku lowerengedwa kutsidya kwa nyanja? Nyimbo za m'bukumo anazisonkhanitsa ndi mthandizi wace, Bambo Sykes Ndilila, ngakhale kuti pa cikuto pali dzina limodzi lokha.

Wina anali A. L. Epstein, munthu wophunzira malamulo, amene anakhala ku Ndola m'zaka za m'ma 1950 akumvetsera milandu ndi kuceza m'makomboni. Buku lace la 1958, Politics in an Urban African Community, lifotokoza za akulu a mitundu amene a kampani anaika ku Luanshya m'caka ca 1931 kuti aziyang'anira anthu ao. Anchito atapanga bungwe lao m'caka ca 1949 motsogozedwa ndi Bambo Lawrence Katilungu, anabvota m'caka ca 1953 kuti udindo wa akuluwo uthe. Pa nkhani ya malipiro Mnsenga ndi Mbemba anaona kuti bwana wao ndi mmodzi. Zimene Epstein anaona ku Ndola kweni-kweni, za maukwati, mabanja ndi cibale ca m'tauni, zinaturuka mocedwa, m'caka ca 1981, m'buku lochedwa Urbanization and Kinship.

ZA MACHONA

Buku limene likhudza kwambiri ife a kumidzi ndi la James Ferguson wa ku America, Expectations of Modernity, la caka ca 1999. Iye anafika ku Kitwe pakati pa zaka za m'ma 1980, mtengo wa mkuwa utagwa kale m'caka ca 1975, napeza anthu amene anakula akuyembekeza kuti cuma ca migodi cidzangokwera-kwera, koma tsopano nyama pa mbale inali kusowa. Anaceza ndi anchito amene anali pafupi kupuma nchito, ndipo ena anawalondola kufikira kumidzi kumene anakakhala.

Zimene anapeza ndi zimene amfumu ambiri a ku Katete ndi ku Petauke anaziona ndi maso. Munthu amene pa zaka zace zonse za m'tauni anali kutumiza kangacepe kwao, kufika pa maliro, kulandira bwino abale odzaceza ndi kusunga ulemu wa kumudzi pa kalankhulidwe ndi kabvalidwe, anali ndi poyambira pobwerera. Koma amene anadula cibale, nayesa a kwao anthu osatsegula maso, anafika ngati mlendo. Khasu linamkana, ndalama za penshoni zinatha msanga, ndipo ambiri anali kuopa nsanje ndi ufiti kotero kuti anasankha kukalima ku dziko la eni m'malo mobwerera kwao. Migodi itagulitsidwa kwa makampani, nchito imene inatsirizika m'caka ca 2000, anthu enanso ambiri anacotsedwa nchito nakumana ndi funso lomwelo. Buku limeneli likadakhala m'Cinyanja ndi m'Cibemba, likadakhala langizo kwa mnyamata aliyense wokwera basi pa Chipata kukafuna nchito. Koma liri m'Cingerezi cobvuta, cimene ngakhale wa Giredi 12 acita naco thukuta.

Ndipo si za migodi zokha. Ngakhale salaula amene tibvala ali ndi buku lace, lolembedwa ndi Karen Tranberg Hansen m'caka ca 2000. Pa cipatala cacikulu ca Ndola panakhazikitsidwa m'caka ca 1975 malo ofufuzira matenda a maiko otentha monga malungo, kaodzera ndi likodzo. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anaturutsa mbeu za nsawawa monga MGV4. Zolemba za nchito zonsezi ziri m'Cingerezi, ndipo mlimi amangolandirako mau awiri atatu kupyolera mwa mlangizi kapena pa wailesi.

KALE TINALI NAO ATHU

Wina angayese kuti Cinyanja sicingathe kunyamula nzeru zakuya. Amene aganiza cotero sanatsegule mabokosi a aphunzitsi akale. Ku Ndola komweko, m'caka ca 1937, kunayamba komiti yolimbikitsa anthu akuda kulemba mabuku m'zinenero zao. M'caka ca 1948 nchitoyo inakula nikhala ofesi yosindikiza mabuku ya maiko awiri, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, yogwirizana ndi makampani a ku Britain monga Longmans ndi Macmillan. Cinyanja cinapindula koposa, popeza buku limodzi linali kugulidwa ku Fort Jameson, ku Lilongwe, ku Migodi ndi ku Salisbury komwe.

M'zaka za m'ma 1940 mphunzitsi wa ku Nkhoma, Bambo Samuel Yosia Nthara, analemba Mbiri ya Acewa atafunsa akulu-akulu za Kalonga, za Undi ndi za mafumu ena. Bambo E. W. Chafulumira analemba Mbiri ya Amang'anja. M'caka ca 1955 kunaturuka Maliro ndi Miyambo ya Acewa ya Bambo Archibald Makumbi, ndipo m'caka ca 1965 Kukula ndi Mwambo ya Bambo John Gwengwe. Amenewa si mabuku a kalulu ndi fisi. Ndi mabuku ofufuza, olembedwa ndi eni mwambo, m'cinenero cimene mai wa kumudzi angamve mwana akamuwerengera pa khonde. Ndipo taonani: buku la Bambo Nthara linayenda njira yosiyana ndi mabuku ena aja. Linayambira m'cinenero cathu, ndipo akatswiri ataona kufunika kwace analimasulira m'Cingerezi nalisindikiza ku Germany m'caka ca 1973.

Titalandira ufulu zinaoneka ngati nchito ipita m'tsogolo. Bungwe la Kenneth Kaunda Foundation linakhazikitsidwa m'caka ca 1966, ndipo kampani yace ya NECZAM inasindikiza mabuku ambiri m'zinenero za dziko lino. Ku Mindolo, ku Kitwe, kunali sukulu yophunzitsa olemba mabuku ndi atolankhani ocokera m'maiko ambiri a mu Africa, ndiponso laibulale yokumbukira Dag Hammarskjöld, mkulu wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndeke pafupi ndi Ndola m'caka ca 1961. Bungwe la malaibulale a Boma, loyamba m'caka ca 1962, linatsegula nyumba zowerengeramo m'matauni a m'zigawo, kuphatikizapo Chipata.

CINALAKWIKA NDI CIANI?

Coyamba ndi lamulo la maphunziro la 1966, pamene Bambo John Mwanakatwe anali nduna ya maphunziro. Linakhazikitsa Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Tisafulumire kuwaweruza akuluwo. M'kalasi imodzi ya ku Masala munali ana a zinenero zisanu kapena kuposa, aphunzitsi anali kusamutsidwa kucoka cigawo cina kupita cina, ndipo dziko latsopano linali kuopa tsankho la mitundu. Koma mtengo wace unali waukulu. Masamu, sayansi, mbiri ndi za malo zitalowa m'Cingerezi, Cinyanja cinatsala phunziro limodzi lokha pakati pa ena, ndipo wosindikiza analibenso cifukwa copangira buku la sayansi m'Cinyanja. Cinenero cimene sicipatsidwa nchito yolemera sicipanga mau a nchitoyo.

Caciwiri ndi kugwa kwa mkuwa komwe kuja. Mapepala ndi inki zinali kugulidwa kunja, ndipo ndalama zakunja zitasowa makina anaima. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, osindikiza anathamangira mabuku a sukulu amene Boma ligula ambiri nthawi imodzi. Sitingawanene kwambiri; nawonso afuna kudya. Zotsatira zace tiziona m'misika ndi m'mphepete mwa miseu ya m'matauni, kumene ogulitsa mabuku ayala timabuku tokonzekera mayeso, mabuku a mapemphero ndi mabuku akale ocokera kunja. Buku lofufuza za dziko lathu, losindikizidwa ku London kapena ku America, likapezeka m'sitolo mtengo wace ulingana ndi matumba a cimanga.

M'caka ca 2014 Boma linayesa kubwezera zinenero zathu m'makalasi oyambirira, kucokera Giredi 1 kufikira Giredi 4. Koma kwa mwana wa Mcewa wobadwira ku Masala cinenero ca m'sukulu za ku Migodi cinali Cibemba. Cinyanja amacimva kwa agogo, pa maliro ndi alendo akabwera kucokera kumudzi. Kwa mwana wotere buku ndilo likadakhala cingwe com'mangirira kwao, kuti adziwe cifukwa cace anthu asonkhana ku Mkaika pa Kulamba, kapena ku Mtenguleni pa Nc'wala. Akapanda kuliona, tsiku lina adzatsika basi pa Katete ali mlendo, monga anthu aja a m'buku la Ferguson.

Onena kuti anthu athu sakonda kuwerenga ayenera kupita ku Mission Press ku Ndola, kumene ansembe a Cifransisko anayamba kusindikiza m'caka ca 1970. Magazini yao ya Cibemba, Icengelo, inachuka cifukwa colemba mosaopa za umphawi, za ndale ndi za cilungamo, ndipo anthu wamba anali kuigula ndi kubwerekana. Munthu awerenga cimene cim'khudza, cikakhala m'cinenero cace ndi pa mtengo umene angathe.

Nchito imene ingayambe msanga ndi iwiri. Yoyamba ndi kusindikizanso mabuku a Bambo Nthara, Bambo Makumbi ndi anzao, amene analembedwa kale ndipo asowa mapepala okha. Yaciwiri ndi kumasulira, ngakhale mitu yocepa cabe, ya mabuku aja onena za ife. Mutu wa Ferguson wonena za anchito obwerera kumudzi ungakwane m'kabuku kakang'ono kolowa m'thumba la malaya. Omasulira alipo, popeza Yunivesite ya Zambia yakhala ikuphunzitsa zinenero za dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo aphunzitsi opuma nchito odziwa Cinyanja cakuya adzaza m'midzi ya Kum'mawa. Cotsala ndi ndalama za mapepala, ndi kalata yopempha cilolezo kwa a University of California Press, amene anasindikiza bukulo.