Kodi mumadziwa? San Gimignano, katauni ka nsanja

Kodi mumadziwa kuti ku Italy kuli katauni komwe mabanja olemera ankapikisana potalikitsa nyumba? Dzina lake ndi San Gimignano, ndipo kali pamwamba pa phiri m'chigawo cha Tuscany, chakumpoto kwa mzinda wa Siena. Anthu ake lero sakwana n'komwe 8,000, koma pomwe chuma chinkasefukira kanali ndi nsanja zamiyala 72. Zatsala 14.

Ndalama zake ankazitenga kuti? Katauniko kali pamsewu wa Via Francigena, womwe oyenda maulendo achipembedzo ankadzera popita ku Roma, ndipo mlendo aliyense ankafuna chakudya ndi pogona. Panalinso malonda a vinyo ndi safironi, chokometsera ndiwo chodula koopsa chochokera ku maluwa. Ena ankalemera ndi katapira.

Matama atanyanya, mu 1255 akuluakulu adakhazikitsa lamulo: munthu asamange nsanja yoposa Torre Rognosa ya boma, yotalika mamita pafupifupi 51. Akuti a banja la Salvucci, adani a banja la Ardinghelli, adangomanga ziwiri moyandikana, kuti wodziwa kuwonkhetsa adziwonere yekha. Nalo boma silidagone: pofika 1311 lidamaliza Torre Grossa, ya mamita 54. Imeneyi mpaka pano alendo amakwera.

Kodi mumadziwanso kuti mlakatuli Dante Alighieri adafikako mu 1300? Sikunali kokalakatula ayi, adatumidwa ndi a ku Florence pa nkhani za ndale. Chipinda chomwe adayankhuliramo chimatchedwabe Sala di Dante.

Kenaka kudagwa mliri wa 1348, womwe udapululutsa anthu ochuluka, ndipo mu 1353 katauniko kadadzipereka m'manja mwa Florence. Malonda adazilala. Chodabwitsa n'chakuti umphawi womwewo ndi umene udateteza nsanjazo: m'mizinda ina yachuma ankagumula zakale n'kumanga zamakono, pomwe kuno ndalama yochitira zimenezo idasowa. N'chifukwa chake mu 1990 bungwe la UNESCO lidaika San Gimignano pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Okonda kunyowetsa kukhosi, imvani iyi: vinyo woyera wa kumeneko, Vernaccia, ndiye adali woyamba mu Italy monse kulandira chizindikiro cha DOC, chotsimikizira komwe vinyo wachokera. Munali mu 1966.