Akakukaniza seguro, ulowere kuti?

Wapolisi wa pamsewu akaimitsa shapa pakati pa Ulongwe ndi Tete, mapepala amene amafunsa ndi odziwika: kalata yoyendetsera, mapepala a galimoto ndi pepala la seguro, ija a ku Malawi amaitcha inshuwalansi. Chikhazikitsire Lamulo nambala 2/2003, mu Januwale 2003, galimoto iliyonse yoyenda m'misewu ya dziko lino iyenera kukhala ndi seguro yolipira anthu ena amene ingawapweteke kapena kuwaonongera katundu. Pepalali limateteza kwenikweni mayi amene wasenza dengu la mbatatesi m'mphepete mwa msewu, ndi mnyamata wa pa njinga amene akutsika ndi makala.

Koma lamulo lotere lili ndi mbuna yake. Boma limalamula munthu kuti agule, pamene ogulitsa ndi makampani ofuna phindu. Kampani ikaona galimoto yokalamba, dalaivala wachinyamata kapena dera limene ikuliganizira kuti ngozi sizitha, ingathe kungopukusa mutu. Wokanidwayo amatsala ndi njira ziwiri, kuimika galimoto pa miyala kapena kuyenda mozemba apolisi, ndipo munthu amene banja lake limadyera galimotoyo sachedwa kusankha yachiwiri. Tsiku la ngozi, wogundidwa sapeza womulipira.

Vuto limeneli lidafika pothina ku California, chimodzi mwa zigawo za dziko la America, ndipo anthu a kumeneko adalithetsa ndi voti.

Mu 1984 aphungu a chigawocho adakhwimitsa lamulo, kuti wapolisi azitha kufunsa umboni wa seguro pamsewu ndi kulipiritsa wopanda umboniwo. Amene zidawapweteka kwambiri adali okhala m'madera osauka a mzinda wa Los Angeles. Makampani ankaika mtengo poyang'ana kumene munthu amagona. Dalaivala amene sadagundepo ngakhale nkhuku ankalipitsidwa ndalama zambiri chifukwa cha dera lake lokha, pamene mnzake wa ku dera la anthu olemera, woyendetsa chimodzimodzi, ankalipira zochepa. Ena mwa anthuwa adakasuma kuti boma lisawakakamize kugula chinthu chimene mtengo wake palibe akuuyang'anira, koma mu 1987 bwalo lalikulu la milandu la California lidagamula kuti lamulolo likhale.

Tsono ku California kuli mwambo umene mayiko ambiri alibe. Anthu wamba akasonkhanitsa masiginecha okwanira, angathe kulemba lamulo okha ndi kulipereka kuti anthu onse alivotere, osadzera kwa aphungu. Loya wina, Harvey Rosenfield, adalemba lamulo lotchedwa Proposition 103, ndipo Ralph Nader, amene adatchuka ndi kumenyera ufulu wa ogula, adalichirikiza. Voti idachitika pa 8 Novembala 1988, tsiku lomwe dziko lonse linkasankha pulezidenti. Pa pepala la voti padali malamulo asanu okhudza nkhani za seguro, ena mwa iwo olembedwa ndi makampani eni ake, amene adamwaza ndalama zoposa madola 60 miliyoni pokopa anthu. Anayi adagwa. La Rosenfield lokha ndilo lidadutsa, movutikira, ndi mavoti 51 pa 100 alionse.

Mfundo yaikulu ya lamuloli ili pa amene limamutcha dalaivala wabwino. Ameneyu ndi munthu amene wakhala ndi kalata yoyendetsera kwa zaka zitatu zapitazo, amene m'zaka zimenezo sadalakwe pamsewu koposa kamodzi pa zolakwa zing'onozing'ono, ndipo sadachititse ngozi yovulaza kapena kupha munthu. Wogwidwa akuyendetsa ataledzera amachoka m'gululi kwa zaka khumi. Munthu akakwanitsa zimenezi, amasankha yekha kampani imene akufuna, ndipo kampaniyo ilibe mphamvu yomubweza pakhomo. Iyeneranso kumutsitsira mtengo ndi 20 pa 100 kapena kuposa. Kaya ndi wosauka, kaya galimoto yake ndi chiphapha, chimene chimamulankhulira ndi mbiri yake ya pamsewu.

Lamuloli lidamanganso manja a makampani pa munthu amene ali kale ndi seguro. Kale kampani inkatha kungotumiza kalata chaka chikamatha, kunena kuti sipitiriza naye, osapereka chifukwa chomveka. Tsopano zifukwa zololedwa ndi zitatu zokha. Choyamba, ngati munthuyo sadalipire. Chachiwiri, ngati adanama kapena kubisa chinthu chachikulu pokatenga seguro, monga kunena kuti galimoto ndi yoyendera banja pamene tsiku ndi tsiku imanyamula anthu olipira. Chachitatu, ngati chiopsezo chakula kwambiri kuposa mmene chidalili pogwirizana, monga pamene boma lamulanda kalata yoyendetsera. Kunja kwa zitatuzi, kampani singaidule seguro pakati pa chaka, ndipo singakane kuipitiriza.

Apa eni magalimoto asamve ngati adapatsidwa ufulu wonama. Chifukwa chachiwiri chija ndicho chimagwetsa anthu ambiri amene amaganiza kuti achenjera. Wobisa ntchito yeniyeni ya galimoto yake amasunga ndalama pang'ono lero, koma pepala limene wanyamulalo lingathe kumuthawa pa tsiku lomwe akulifuna.

Olemba lamuloli adadziwanso kuti kampani ingathe kukana munthu popanda kutchula mawu akuti ayi. Imangotchula mtengo umene palibe angaufikire. Choncho adalamula kuti mtengo uziikidwa poyang'ana zinthu zitatu poyamba: mbiri ya dalaivala pamsewu, mtunda umene amayenda pa chaka, ndi zaka zimene wakhala akuyendetsa. Kampani yofuna kukweza mitengo iyenera kuyamba yapempha chilolezo kwa mkulu woyang'anira za seguro, ndipo mkuluyo adasiya kusankhidwa ndi bwanamkubwa, nayamba kuvoteredwa ndi anthu. Woyamba kuvoteredwa adali John Garamendi, mu 1990.

Makampani sadagonje msanga. Voti itangotha adathamangira ku bwalo la milandu, ndipo mu Meyi 1989 bwalo lalikulu lidagamula kuti mbali yaikulu ya lamuloli njoyenera, kuphatikizapo chiletso chodula seguro mwachisawawa. Lidangoti makampani asakakamizidwe kugulitsa pa mtengo wowamana phindu loyenera. Milandu ina idatenga zaka, koma pamapeto pake anthu adabwezeredwa ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Nkhani ya kumene munthu amagona ndiyo idakanika nthawi yaitali. Mpaka mu 2006 m'pamene malamulo atsopano adakakamiza makampani kuti dera lisalemere kuposa mbiri ya dalaivala. Kuyambira pa 1 Januwale 2019, kusiyanitsa mtengo chifukwa woyendetsa ndi mwamuna kapena mkazi kudaletsedwanso.

Nanga dalaivala amene mbiri yake njodetsedwa? Ameneyu kampani ingathe kumukana, koma samutaya kutchire, chifukwa iyeyo ndiye woopsa kwambiri akayenda wopanda seguro. Kuyambira mu 1947, California ili ndi dongosolo logawira makampani anthu okanidwa, kampani iliyonse kulandira molingana ndi kukula kwa malonda ake. Wotere amalipira mtengo wokwera, ndipo n'zoyenera, koma pepala amakhala nalo.

Dziko la Portugal, limene malamulo ambiri a kuno adatengera, lidadzera njira ina yofupikirapo. Lamulo la kumeneko la mu 2007, nambala 291, limati munthu akakanidwa ndi makampani atatu, angathe kupita ku bungwe la boma loyang'anira za seguro. Bungwelo limatchula kampani yoti imulandire ndi kuika mfundo za mgwirizano. Kampani yotchulidwayo ikachita makani, imaimitsidwa kugulitsa seguro ya galimoto kwa nthawi yoyambira miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka zitatu. Chimene chimatsegula khomo la bungwelo ndi umboni wa kukanidwa katatu, n'chifukwa chake wokanidwa amapempha kuti amulembere. Mawu a pakamwa pa kauntala satumizika ku ofesi.

Ku California nako nkhani sidathere pa voti ya 1988. Mitengo yokonzera magalimoto itakwera pambuyo pa mliri wa Covid-19, makampani ena adaona kuti sakupindula mokwanira, ndipo poti kukana dalaivala wabwino n'koletsedwa, adapeza njira yomutopetsa. Wofuna seguro ankapatsidwa mafunso ambirimbiri oti ayankhe, kupemphedwa mapepala owonjezera, kenaka kuuzidwa kuti adikire masiku angapo seguro isadayambe kugwira ntchito, mpaka ena ankangosiya okha. Madandaulo atachuluka, mu Disembala 2023 mkulu woyang'anira za seguro, Ricardo Lara, adalembera makampani onse kuwachenjeza kuti kuchedwetsa dala dalaivala wabwino n'kuphwanya lamulo lomwe lija, ndipo opitiriza adzalangidwa.