Alick Macheso: mwana wa pa famu amene anakweza Chichewa ku Zimbabwe

HARARE - Mu 2000, chimbale chotchedwa Simbaradzo chinamveka m'mabasi, m'mabawa ndi pa wailesi m'dziko lonse la Zimbabwe. Ina mwa nyimbo zimene zinatchuka kwambiri m'chimbalecho inali ya m'Chichewa, yotchedwa Mundikumbuke. Mwini wake anali Alick Macheso, katswiri wopeka nyimbo ndi kuimba gitala ya besi.

Kodi Chichewa chinafika bwanji pamenepo m'dziko limene anthu ambiri amalankhula Chishona ndi Chindebele? Yankho lili m'mafamu a ku Mashonaland.

Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva, m'chigawo cha Mashonaland Central, ndipo bambo ake anali ochokera ku Malawi. M'nthawi ya atsamunda, anthu ambirimbiri a ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia ankapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi chimanga ndiponso m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Ambiri sanabwererenso kwawo, ndipo abale awo ankawatcha matchona. M'makomboni a pa famu, Chichewa chinasanduka chinenero chogwirizanitsa anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo gule wamkulu ankavinidwa monga kumudzi. Koma kunja kwa famu anthuwa ankanyozedwa ndi mayina monga mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre.

Ali mnyamata, Macheso anapita ku Harare kukayesa mwayi pa zoimbaimba. Anakhwimira m'gulu la Khiama Boys, lotsogoleredwa ndi Nicholas Zakaria, yemwenso anabadwira pa famu ku Mazowe m'banja lochokera ku Malawi. Atasiyana ndi gululi, anayambitsa lake la Orchestra Mberikwazvo, ndipo mu 1998 anatulutsa chimbale chake choyamba, Magariro.

Nyimbo zake ndi za mtundu wa sungura, umene unaphuka kuchokera ku rumba ya ku Congo ndi nyimbo za magitala za ku Kenya ndi Tanzania. M'Chiswahili, mawu akuti sungura amatanthauza kalulu. Mwachizolowezi, m'nyimbo zoterezi gitala yotsogolera ndiyo imalamula, pamene besi imangogwira mtima wa nyimbo chapansipansi pamodzi ndi ng'oma. Macheso anatembenuza zimenezi. Besi yake imatuluka poyera, kuyankhana ndi magitala enawo, ndipo nthawi zina zida zonse zimaipatsa mpata kuti ilankhule yokha. Nyimbo zake zimakhala zazitali: zimayamba ndi uthenga wa za banja, umphawi kapena khalidwe, kenaka mawu amachepa n'kusiyira magitala ndi ovina. Gule wake wotchuka, Borrowdale, amatsanzira kuthamanga kwa akavalo, ndipo dzinali linachokera ku bwalo la mpikisano wa akavalo la ku Harare.

Kutchuka kwa Macheso kunadza pa nthawi yowawa kwa anthu amene anakulira pakati pawo. M'chaka chomwecho cha 2000, ntchito yolanda mafamu a azungu inayamba, ndipo antchito ochuluka anataya ntchito pamodzi ndi pokhala. Ambiri mwa ana a matchona analibe mudzi wothawirako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'Zimbabwe momwemo, koma makolo awo ali akunja, anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko amene ena mwa iwo anali asanapondeko. Amene sanatero anatengedwa ngati alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anavomereza kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika yobadwa, malinga ngati ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo.

N'chifukwa chake nyimbo ya m'Chichewa pa wailesi ya dziko sinali nkhani yaing'ono. Chinenero chimene ena ankachibisa poopa kusekedwa chinayamba kuimbidwa ndi khamu la anthu olankhula Chishona m'mabwalo a zisangalalo.

Macheso sanali yekha. Daiton Somanje wa gulu la Pengaudzoke, amene anamwalira mu 2015, nayenso anachokera m'mafamu, m'banja la ku Malawi. Koma Macheso ndiye anafika patali kuposa onse, mpaka anthu anamutcha mfumu ya sungura. Mu 2024 anatulutsa chimbale china, Kupa Kuturika, patadutsa zaka 26 chitulukire Magariro.