Ngalande ya ku dimba la agogo: mmene thirakitala yakale inatifikitsira madzi pa mtengo wochepa

Ntchito yanga ya zachisamaliro cha anthu imandilowetsa m'makomo ambiri kuno kumpoto kwa Indiana. M'makomo a anthu akwathu ndimapezamo kawirikawiri mayi achikulire amene anabwera kudzalera zidzukulu. Ana awo amalawirira ku ntchito, ena amachezera usiku m'nyumba zosamalira okalamba, zidzukulu zimapita kusukulu, iwo n'kutsala okha ndi wailesi ya kanema yolankhula chinenero chimene sachimva bwino. Kumudzi anali ndi munda, nkhokwe ndi anzawo a kuchitsime. Kuno tsiku lonse limathera pazenera. Ambiri sadandaula, koma ukacheza nawo modekha umamva kuti tulo sitibwera ndipo nsima siilowa.

N'chifukwa chake mu 2023 mabanja angapo tinapempha kachigawo ka malo kwa mlimi wina wachikulire kunja kwa mzinda wa South Bend. Tinadzala chimanga, maungu a nkhwani, mpiru, bonongwe, therere ndi nyemba. Pasanathe mwezi, amayi aja anali atayamba kuitanizana pafoni ndi kukangana za kaunjikidwe ka mizere ngati ali kwawo ku Ntcheu kapena ku Mulanje. Koma panali vuto limodzi: mpopi unali pakhola la mlimiyo, mtunda wa mamita 120 kuchokera kudimba. M'kutentha kwa Julayi madzi ankabwera m'zigubu ndi m'ndowa. Tsiku lina mayi wina wa zaka zoposa 70 anapunthwa atanyamula ndowa, nadzipweteka m'chiuno, ndipo ana awo anawaletsa kubweranso. Dimba limene tinayambitsa kuti lilimbitse makolo athu linali litayamba kuwavulaza.

Khasu la m'shedi

Mu Epulo 2024 tinagwirizana zokwirira paipi kuchokera pakhola mpaka pakati pa dimba. Kontrakitala amene tinam'funsa anatchula mtengo woposa ndalama zonse za m'thumba lathu. Kukumba ndi piki ndi fosholo kunali kotheka, koma anthu ogwira ntchito mosinthana usana ndi usiku sangapezeke onse Loweruka limodzi. Mlimi uja atamva nkhawa zathu anangoseka, natitengera kushedi kwake.

M'shedimo munali thirakitala ya Ford 8N, mtundu umene unapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1952 ndipo ukulimabe m'minda yaing'ono yambiri ya ku America. Injini yake ndi yaing'ono, yosakwana 30 horsepower. Chinsinsi chake chili kumbuyo, pa mikono itatu yokolekapo zida, iwiri m'munsi ndi umodzi pamwamba. Njira imeneyi anaitulukira Harry Ferguson wa ku Ireland m'zaka za m'ma 1920, ndipo inafala kwambiri thirakitala ya Ford 9N itatuluka mu 1939. Dzina lake ndi lomwe lija timaliona pa mathirakitala ofiira a Massey Ferguson a m'maesiteti a kwathu. Mikono itatuyi imakweza ndi kutsitsa chida ndi mphamvu ya mafuta opopedwa, ndipo chida chikamakoka dothi, kulemera kwake kumakanikizira matayala akumbuyo pansi kuti asaterereke.

Pambali pa thirakitalayo panali zida ziwiri zachitsulo, zopanda injini, zopanda tcheni kapena lamba. Choyamba amachitcha subsoiler: ndi chitsulo chimodzi cholimba, choimirira, chokhala ndi dzino kunsonga. Ntchito yake yeniyeni ndi kuswa dothi lolimba la pansi pa munda, ndipo chimasiya mng'alu wopapatiza koma wakuya. Chachiwiri amachitcha middle buster: ndi khasu la mapiko awiri lotayira dothi uku ndi uku, limene alimi amakumbira mbatata. Aliyense amene anaonapo rija yokokedwa ndi ng'ombe ku Mzimba angalizindikire nthawi yomweyo. Zida ziwirizi zimagulitsidwa m'masitolo a alimi pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi makina okumbira ngalande, ndipo alimi ambiri ali nazo kale. Ifeyo tinangolipira petulo, paipi ndi chakudya cha masana.

Safunsa anadya phula

Tisanagwetse khasu pansi, tinaimba foni pa nambala ya 811. Nambala imeneyi inayamba kugwira ntchito m'dziko lonse la United States mu 2007, ndipo kuimba kwake n'kwaulere. Lamulo la Indiana limafuna kuti mudziwitse masiku awiri athunthu a ntchito musanakumbe, ngakhale pamalo panu. Mumayamba mwalemba njira ya ngalande ndi penti yoyera, kenako makampani amabwera kudzaika timbendera: tofiira ndi magetsi, tachikasu ndi gasi, ta mtundu wa lalanje ndi nthambo za foni ndi intaneti, tobiriwira ngati mtambo ndi madzi akumwa, tobiriwira ngati msipu ndi mapaipi a zonyansa. Pa mtunda wa mainchesi 24, omwe ndi masentimita pafupifupi 60, mbali zonse za chizindikiro, simukumba ndi makina. Mumafukula ndi fosholo pang'onopang'ono.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Makampaniwa amasonyeza zinthu zawo zokha, kulekezera pa mita. Nthambo kapena paipi imene mwini malo anadzikwiririra yekha saiona. Kwa ife, njira yonse inaoneka yopanda choopsa, ndipo mlimi anali atakwera kale pathirakitala pamene akazi ake anatuluka m'nyumba akukupiza mkono. Anakumbukira kuti zaka zambiri zapitazo anakwirira nthambo ya magetsi yochokera kukhola kupita kukhumbi la nkhuku limene linagwetsedwa kalekale. Tinazimitsa magetsi, tinafukula ndi fosholo, ndipo tinaipeza itadutsa ndendende panjira yathu, yosazama n'komwe. Pakanapanda mayi amenewo, nkhani ino ikanakhala ina. Choncho funsani makampani, koma funsaninso munthu amene wakhalitsa pamalopo.

Amene muli ku Britain muli ndi njira yofanana yaulere ya pa intaneti yotchedwa LSBUD. Ku South Africa, ku Zimbabwe ndi m'matauni a kwathu, yambirani ku khonsolo, ku bungwe la madzi ndi ku kampani ya magetsi.

Kakumbidwe kake

Nthawi yabwino yokumba ndi pamene dothi lili lonyowa pang'ono, loti ukalifinya m'dzanja limagwirana koma n'kufumbutuka ukaligwetsa. M'matope matayala amangozungulira pamodzimodzi, ndipo m'dothi louma dzino limangokanda pamwamba. Mlimi anadutsa katatu ndi subsoiler m'mzere umodzi, pa giya yoyamba: ulendo woyamba masentimita 15 okha, wachiwiri 30, wachitatu pafupifupi 40. Kuzamitsa zonse paulendo umodzi ndiko kumathyola zida. Pachidacho pali bawuti yofewa imene anaipanga dala kuti iduke dzino likakodwa pamwala kapena pamuzu. Ikaduka, ikani ina ya mtundu womwewo. Mukaika yolimba, chimene chidzathyoke ndi chida kapena thirakitala.

Kenako anakoleka middle buster, nadutsa kawiri m'dothi lofewalo. Panatsala ngalande yakuya masentimita pafupifupi 30, yotambasuka kumwamba ndi yopapatiza pansi. Achinyamata anatsatira ndi mafosholo kuchotsa zibuma ndi miyala. Kukumba konse sikunathe maola awiri. Alimi ena amawotcherera chubu chopindika kumbuyo kwa subsoiler kuti paipi izilowa m'nthaka thirakitala ikuyenda, koma ife tinafuna kuona ndi maso pamene paipi ikugona.

Tinagula paipi yakuda ya pulasitiki ya inchesi imodzi, yobwera itakulungidwa. Tinaiyala padzuwa kuti iwongoke, ndipo poigoneka tinaisiya yokhotakhota pang'ono, chifukwa paipi yotere imafupika ikazizira ndipo yokokedwa kwambiri imazuka polumikiza. Tisanakwirire tinatsegula madzi n'kuyenda njira yonse kufufuza podontha. Tinayamba kukwirira ndi dothi lopanda miyala, tinayala riboni yochenjeza pamwamba pake, kenako n'kutsiriza. Pomaliza tinajambula zithunzi ndi mapu a njira ya paipi, kuti wodzakumba mtsogolo asadzadalire chikumbumtima cha munthu mmodzi monga zinatichitikira.

Malire a ngalande yosazama

Njira imeneyi si ya ntchito iliyonse. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo amaphulitsa paipi ndi mipopi. Kuno chisanu chimalowa m'nthaka kufika pafupifupi mita imodzi, choncho paipi ya m'nyumba imakwiriridwa mozama kuposa pamenepo. Ku Britain malamulo a 1999 amafuna kuti paipi ya madzi ikhale pakati pa mamilimita 750 ndi 1,350 pansi. Yathu ndi ya nyengo yolima yokha: pamalo otsika kwambiri tinaika potulutsira madzi, ndipo mu Okutobala timaitseka n'kuipopera mpweya kuti iume.

Nthambo ya magetsi nayo si ya ngalande ngati iyi. Malamulo a ku America amafuna mainchesi 24 kwa nthambo yokwiriridwa yokha, ndi mainchesi 18 ngati ili m'paipi ya PVC. Imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo.

Thirakitala payokha ndi yoopsa. Zakale ngati 8N zinatuluka zopanda chitsulo choteteza dalaivala ikagubuduka. Mukamanga tcheni pamwamba pa ekiselo kuti muzule chitsa kapena chida chokodwa, thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada m'kanthawi kosakwana masekondi awiri. Ayendetse ndi mwini wake kapena munthu woizolowera, pasakwere wina aliyense, ndipo ana akhale patali ndi munthu wamkulu wowayang'anira. Ife ntchito imeneyo tinaipereka kwa agogo, ndipo palibe mwana amene anayerekeza kudumpha mzere umene anawalembera.

Kwa otumiza ndalama kumudzi

Ambiri mwa ife timatumiza ndalama zoikira pampu yoyendera dzuwa ndi mapaipi opita kunyumba kapena kudimba la makolo. Kwathu nthaka siundana, choncho ngalande yosazama imakwanira, bola ipitirire pamene khasu kapena pulawo imafika, ndipo izame kwambiri podutsa ngolo ndi magalimoto. Musalole kuti paipi isiyidwe pamtunda pofuna kupulumutsa ndalama: dzuwa limauma paipi ya PVC mpaka kuyamba kusweka, ndipo moto wolusa wa m'chilimwe umasungunula pulasitiki iliyonse. Kumene kuli ng'ombe zolima, rija ikhoza kutsegula njira, anthu n'kuzamitsa ndi makasu.

Koma ndisabise maganizo anga. Kuno thirakitala inatipulumutsa chifukwa inali pafupi, ndipo nthawi ya munthu ndi yodula. Kumudzi zinthu n'zosiyana. Thirakitala yahayala mumailipira ulendo ndi dizilo isanayambe n'komwe ntchito, pamene m'mudzi momwemo muli anyamata ofuna ganyu. Pa ngalande yaifupi, kulemba anyamata amenewo pa malipiro oyenera kumasiya ndalama m'makomo oyandikana ndi makolo anu, ndipo anthu amene anakumba paipi ndi manja awo ndi amene amadzaiteteza. Werengerani zonse ziwiri musanatumize.

Mayi aja anabwerera kudimba mu Meyi 2024, akuyenda ndi ndodo. Ana awo anavomera atamva kuti ndowa zatha. Anatsegula mpopi, anayang'ana madzi akutsika m'mizere, kenako anatiuza kuti mpiru tawudzala mothinana kwambiri ndipo tiupatulire tsiku lomwelo. Tinapatulira. Ngati m'dera lanu muli makolo amene akuthera masiku pazenera, yambani mwafunsa mlimi wapafupi za kachigawo ka malo, ndipo musaiwale kufunsa chimene chili m'shedi mwake.